Mtengo wa pafoni umaliza mmisiri

Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu. Mwambiwu ukupherezeka pakati pa amisiri amene amaika makatani a panja, aja otchingira dzuwa, mphepo ndi mvula pakhonde la nyumba, malo odyera ngakhalenso malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay.

Ntchitoyi imaoneka yophweka: kusoka lona, kuboola khoma ndi kumanga mabawuti. Koma phindu kapena kuluza kwa mmisiri kumadziwika tsiku limene akutchula mtengo, asadagwire ndi chitsulo chomwe.

Makasitomala ambiri amangoimba foni ndi funso limodzi: khonde langa mungatchinge ndi ndalama zingati? Mmisiri amene ali ndi njala ya ntchito amayankha pompo poopa kuti mnzake amulanda kasitomala. Akafika pamalopo n'kupeza kuti khondelo ndi lalikulu kuposa momwe adamuuzira, kukweza mtengo kumasanduka mkangano, pomwe kuusiya momwemo ndiye kugwira ntchito yathangata.

Choyamba chofunika kudziwa ndi muyeso. Mtengo wa makataniwa umawerengedwa potengera kukula kwa malo otchingidwawo. Mpata wa mamita 4 m'lifupi ndi mamita 2.5 kutalika umafuna nsalu yosachepera masikweya mita 10, kuonjezerapo ya m'mipendero. Kasitomala akalakwitsa ndi theka la mita pa mpata uliwonse, ndipo mipatayo ilipo inayi, nsalu yoperewera ndi yokwana masikweya mita 5.

Vuto lina n'lakuti makonde ambiri sadaongoke monga amaonekera ndi maso. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayeza pamwamba, pakati ndi pansi, kenaka kutalika kwa kumanzere ndi kwa kumanja. Pansi pa khonde pamakhala potsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka, choncho katani yodulidwa ndi muyeso umodzi imasiya mpata mbali ina. Nsalu ikadulidwa, yadulidwa basi.

Chachiwiri ndi cholinga cha mwini khonde. Wofuna kutchinga mvula ndi mphepo koma akuonabe kunja amafunika pulasitiki yoonekera ya PVC, ngakhale kuti imasunga kutentha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Wofuna mthunzi wokha amathandizika ndi nsalu ya timabowo imene imalola mpweya kudutsa. Lona yokhuthala imatchinga zonse koma imadetsa m'nyumba. Ena amakonda zabango kapena zansungwi, zomwe n'zotsika mtengo koma sizikhalitsa pamvula.

Apa mpamene mbali imene khonde lidayang'ana imakhala nkhani yaikulu. Khonde loyang'ana kuzambwe limapsa ndi dzuwa la masana mpaka madzulo. Popeza dziko lino lili kummwera kwa Equator, m'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye khonde la mbali imeneyo ndi limene limalandira dzuwa nthawi yozizira.

Mphepo nayo siyofunika kuichepetsa. Kunyanja mwera umaomba kuchokera kummwera chakuvuma m'miyezi yozizira, ndipo katani yotsitsidwa imagwira mphepo ngati thanga la bwato. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kuli chiperoni chimene chimanyowetsa khonde kwa masiku angapo. Malo oterewa amafuna zomangira pansi zolimba komanso zitsulo zosachita dzimbiri msanga, ndipo zonsezi zimakweza mtengo.

Mmisiri ayeneranso kudziwa chimene adzaboole. Khoma la njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, mtanda wa matabwa ndi nsanamira yachitsulo, chilichonse chili ndi mabawuti ake. Khoma la zidina siligwira bawuti molimba, choncho pamafunika kuwotcherera felemu yakeyake. Ngati nyumba ndi yosanja, pali mtengo wa makwerero ndi anyamata othandiza.

Funso lina limene amisiri amachita nalo manyazi ndi lakuti nyumbayo ndi ya yani. M'matauni muno anthu ambiri amakhala m'nyumba za lendi, ndipo kuboola khoma popanda chilolezo cha mwini nyumba kungachititse kuti ntchito iimitsidwe pakati, nsalu itadulidwa kale.

Masiku ano WhatsApp yapeputsako zinthu. Kasitomala amatumiza zithunzi za khonde ndi malo amene nyumba ili, zomwe zimathandiza kuwerengera thiransipoti. Komabe chithunzi sichilowa m'malo mwa tepi yoyezera. Mtengo wochokera pa chithunzi ndi wongoyerekeza, weniweni umabwera mmisiri akafika yekha.

Akamaliza kufunsa, zonse ziyenera kulembedwa. Kotesheni yabwino imatchula muyeso wa mpata uliwonse, mtundu wa nsalu, ndalama ya dipoziti, tsiku lomaliza ntchito ndi masiku amene mtengowo ukhale usadasinthe. Mfundo yomalizayi amisiri adaiphunzira mowawa. Ndalama ya kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza lona ndi PVC zimachokera kunja, amene adalonjeza mtengo wopanda malire a nthawi adagula zipangizo ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Kufunsaku kulinso ndi udindo wake. Mmisiri amatsala ndi dzina la kasitomala, nambala ya foni, malo a nyumba ndi zithunzi zoonetsa zitseko ndi mawindo. Zinthu zotere zikagwa m'manja olakwika ndi mapu a akuba. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri ya anthu, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la Macra. Kuika chithunzi cha nyumba ya munthu pa Facebook potsatsa malonda kumafunika kupempha kaye mwini wake.

Kwa kasitomala, mmisiri wofunsa mafunso ambiri asamutope naye. Woopsa ndi uja amatchula mtengo asadaone khonde, chifukwa ndalama imene waiwala kuwerengera adzaipeza ndithu, kaya pochepetsa mabawuti kapena pogula nsalu yosalimba.