Tenda ya boma: zomwe timauzana pa Kasakula ndi zomwe zilipodi

Mukafunsa amayi a banki m'khonde pa Kasakula chifukwa chimene sagulitsirako nyemba zawo ku boma, yankho silichedwa: “Zimenezo n'za mabwana a ku Lilongwe, ife athu ndi mavenda.” Sitingawadzudzule, chifukwa akunena zomwe maso awo adaona. Sukulu ikamamangidwa, simenti imabwera pa lole kuchokera kutauni, ndipo gawo la mayi wa pamudzi limakhala kutunga madzi ndi kututa mchenga. Pa wailesi akatchula kontirakiti, amatchula mabiliyoni a misewu ndi feteleza. Zolengeza zimatuluka m'nyuzipepala m'Chingerezi chouma, ndipo nyuzipepalayo pofika kumapiri kuno imakhala itakulunga kale usipa.

Komatu boma siligula misewu yokha. Limagulanso choko, matsache, sopo, madesiki, mayunifolomu, nkhuni, ufa ndi nyemba za odwala m'chipatala ndi ana a sukulu zogonera konko. Zambiri mwa izi zimagulidwa pafupi, ku khonsolo ya Ntchisi kapena ya Dowa, ndipo pa zogula zazing'ono ofesi imangopempha makotesheni osachepera atatu n'kuwayerekeza. Malamulo nawo sadaiwale wamng'ono. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la PPDA, lidati pa mpikisano wa m'dziko muno mbadwa zakuda za Malawi zizipatsidwa mpata woyamba pa magawo 60 mwa 100 aliwonse. Mu 2020 padabweranso lamulo lina lopatulira mabizinesi ang'onoang'ono zogula zina, ndipo lidatchula amayi, achinyamata ndi anthu aulumali kuti aziganiziridwa mwapadera.

Uthenga umenewu utamveka, padabadwa chikhulupiriro china, chosangalatsa kuposa choyambacho: “Basi, poti ndine mayi, ndingopita ndi chiphaso changa chaunzika akandipatse.” Nachonso chili ndi pochokera. Tidazolowera kuti thandizo la boma limayenda ndi mayina: amfumu alemba, komiti yavomereza, tsiku lafika, mwalandira makuponi kapena mtukula pakhomo. Ndiye munthu akamva kuti boma laganizira amayi, n'chifukwa chiyani asayembekezere mndandanda wina wotero?

Kusiyana kwake n'kwakuti pano boma silikugawa, likugula, ndipo wogula amafuna kudziwa amene akugulana naye. Bizinesi iyenera kulembetsedwa ku boma. Iyenera kukhala ndi nambala ya msonkho, ija amati TPIN, ndi kalata ya ku MRA yotsimikiza kuti ilibe ngongole ya msonkho. Pafunikanso satifiketi ya PPDA ndi akaunti ya kubanki ya dzina la bizinesiyo, osati la bambo a kunyumba. Wofuna ntchito zomanga amalembetsanso ku bungwe loyang'anira omanga, lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC. Komiti ikakhala pansi imayamba kuona mapepala isanaone mtengo. Tsamba limodzi losasainidwa, satifiketi yomwe idatha mwezi watha, kapena envelopu yofika bokosi litatsekedwa, n'zokwanira kugwetsa mayi amene nyemba zake zinali zabwino kuposa za onse. Ena amaopa kulembetsa poganiza kuti adziitanira a msonkho pakhomo. Msonkho ulipodi, koma wosalembetsa mathero ake ndi kugulitsa kwa wolembetsa, yemwe amakaika dzina lake pa thumba n'kudya phindu.

Chikhulupiriro chachitatu ndiye chimanenedwa motsitsa mawu: “Popanda m'bale ku ofesi kapena kangachepe, musadzivute.” Apa tisanamizane, utsi umenewu uli ndi moto wake. Tonse tikukumbukira Cashgate ya mu 2013, pomwe makampani ena ankalandira macheke a boma osaperekako ngakhale msomali umodzi. Tidaonanso anthu amene dzulo analibe njinga akudzuka ndi galimoto chisankho chitangotha. Munthu amene waona zotere akataya mtima, sitinganene kuti ndi wopusa.

Cholakwika chake n'kuganiza kuti njira ndi imeneyo yokha. Pa tenda yolengezedwa, maenvelopu amatsegulidwa poyera, opikisana ali ndi ufulu wokhalapo, ndipo mayina ndi mitengo zimawerengedwa mokweza. Mayi wokhala pamenepo ndi kope ndi cholembera amatuluka akudziwa mitengo ya anzake onse, phunziro lomwe sadalipire. Wogonja akhoza kufunsa chifukwa chimene wagonjera, ndipo ngati waona zokhota akhoza kudandaula ku ofesi yogulayo kapena ku PPDA. Za ziphuphu zili ndi khomo lake, ku ACB, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Chinanso, chikhulupiriro chimenechi n'chimene chimanenepetsa akathyali. Foni imalira, mawu aulemu akuti ndi a ku ofesi yakutiyakuti, tenda yanu yatheka, mungotumizako kenakake pa Mpamba kapena Airtel Money. Amene amakhulupirira kale kuti zinthu zimayenda chomwecho ndi amene amatumiza msanga.

Tsono tiyerekeze kuti mwapambana. Kumudzi amati mwalemera, ndipo achibale amayamba kubwera ndi nkhani za fizi. N'zomveka: pepala lija amati LPO lili ndi chidindo cha boma, pali nambala ya maziro ambiri, ndipo aliyense amadziwa kuti boma silithawa ngati venda.

Silithawadi, koma limachedwa, nthawi zina miyezi. LPO ndi lonjezo, si ndalama. Katundu mumagula ndi ndalama zanu, n'kukapereka, n'kudikira. Taganizirani matumba 50 a nyemba. Pali kugula kwa alimi, kupeta ndi kusankha, matumba enieniwo, mankhwala a anankafumbwe, aganyu okweza ndi kutsitsa, ndi lole yomwe mwini wake amakweza mtengo akamva kuti msewu wake ndi wa kumapiri nthawi ya dzinja. Polipira amadulako msonkho ndalama isanafike m'manja mwanu. Ndalama nayo imatha mphamvu muli chidikirire: mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene adalemba mitengo mwezi wapitawo adakagula katundu pa mitengo ina. Wotsitsa mtengo kwambiri kuti apambane, kenaka n'kukatenga katapila kuti akwanitse, amakhala atagwirira ntchito mwini katapilayo. Kontirakiti yaing'ono yomwe thumba lanu lingaipirire imaposa yaikulu yokugulitsitsani mbuzi.

Apa m'pamene pamafunika mlangizi, ndipo naye ali ndi mbiri zake. Ena amati mlangizi weniweni ndi wobwera ndi mpamba kapena alawansi, wopanda zimenezo akungotha nthawi. Ena amati munthu wa bizinesi sangakuonetse njira, angakubere nzeru. Maganizo awiriwa sadagwe kumwamba. Tidakhalapo m'maphunziro ambiri a masiku atatu omwe chokumbukika chake chinali fanta ndi envelopu ya tsiku lomaliza. Ndipo pamsika, pomwe nonse mukugulitsa tomato yemweyo kwa ogula omwewo, kubisirana n'kwanzeru ndithu.

Koma mlangizi wa tenda ali ngati namkungwi: sakupatsani chuma, amakuuzani zomwe mukakumane nazo musanakumane nazo. Ndi mayi amene adaperekapo katundu ku boma, amene angakhale nanu pamkeka n'kuwerenga chikalata chonse tsamba ndi tsamba, kukuonetsani posaina, kuwerengera nanu mtengo mpaka phindu lioneke, ndi kukuuzani mosabisa kuti iyi isiyeni, yakukulirani. Amakuphunzitsani kusunga delivale noti yosainidwa ndi invoisi mufayilo, chifukwa tsiku lokatsata malipiro pakamwa pokha sipathandiza. Ndipo sataya kanthu pokuthandizani, popeza oda yaikulu imamukulira nayenso. Akapatsidwa matumba 200 iye ali ndi 80, amafuna anzake odalirika. Ambiri amayamba chomwecho, kuperekera pansi pa wina kapena kudzera m'kopaletivi, mpaka dzina lawo litadziwika.

Alangizi otere sali kutsidya kwa nyanja. Ku Mponela kuli malo ophunzitsira zamabizinesi omwe kale ankatchedwa MEDI, ndipo pambuyo pake adalowa m'bungwe la SMEDI. Kuli bungwe la amayi a bizinesi la NABW, lomwe mayi Joyce Banda adaliyambitsa mu 1990. Ku khonsolo kuli ofesi ya zamalonda, ndipo pa bolodi la zolengeza pamamatidwa zinthu zomwe ambiri timazidutsa tikuthamangira minibasi. Akulu adati safunsa adadya phula. Gulu lanu likakumananso, sankhani awiri odziwa kuwerenga bwino, muwasonkhere thiransipoti, apite ku boma akafunse zinthu zitatu: mapepala ofunika ndi ati, khonsolo imagula chiyani kwa ogulitsa ang'onoang'ono, ndipo ndi mayi uti wa m'boma lino amene adaperekapo katundu woti mungakacheze naye.