Amawajambula, koma sawafunsa

Pa 1 February chaka chilichonse mayiko ambiri amakumbukira Tsiku la Hijabu, lomwe linayambira ku New York mu 2013. Kuno kwathu tsikuli limadutsa ndi chithunzi chimodzi m'nyuzipepala: amayi ovala mipango yoyera atandanda pamzere, m'munsi mwake mawu a shehe. Nkhope ndi za amayi, wolankhula ndi bambo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi Asilamu. Komabe mayi wachisilamu amalowa m'nkhani kukabuka mkangano kapena kukagwa tsoka. Ambiri akukumbukira za ku Balaka mu 2019, pamene sukulu zinatsekedwa pa nkhani ya atsikana ovala hijabu, ndipo mkanganowo unapitirira mpaka atsogoleri a zipembedzo anagwirizana mu 2021 kuti azivala yofanana mtundu ndi yunifolomu. Nthawi yonseyo tinamva abusa, mashehe ndi akuluakulu a boma. Amayi a anawo tinangowaona kumbuyo kwa zithunzi.

Pa doko lina ku Mangochi pali mayi wa zaka za m'ma 50 amene asodzi sayamba kutchula mtengo iye asanafike. Akangomaliza swala ya m'bandakucha amatsikira kunyanja, mpango wobiriwira wofwifwa ndi dzuwa uli kumutu, kope la masamu lili kukhwapa. Amatapa usipa m'ndowa, kuununkhiza, kuufinya pang'ono ndi zala, kenako n'kunena mtengo wake mosakweza mawu. Anyamata amauyanika pathandala, ndipo ukauma matumba amakwera lole ya ku Limbe. Ndiye msungichuma wa banki mkhonde ya m'mudzimo, ndipo mwana wake wamkazi akuphunzira unamwino ndi ndalama ya usipa womwewo.

M'mwezi wa Ramadani kunabwera thandizo la ufa ndi mafuta ophikira. Amene analemba mayina a amasiye ndi okalamba anali iyeyu. Gogo wina atalephera kunyamula thumba lake, mayiyu anamusenzera. Madzulo anadziona pa kanema, thumba lili pamutu, muulutsi akunena za amayi ovutika amene apeza mpumulo. Akamafotokoza sakalipa, koma akuti chinamuwawa n'chakuti wojambulayo anaima naye pafupi nthawi yaitali osamufunsa ngakhale dzina.

Apa m'pamene pagona mkangano. Atolankhani ena amati vuto si lawo. Ukatenga maikolofoni kulunjika kwa mayi wovala hijabu, amati, yankho limakhala lakuti kafunseni a shehe kapena dikirani bambo abwere, ndipo mkonzi ku Blantyre sadikira. Zimenezi zimachitikadi, ndipo atsogoleri a m'mizikiti ali ndi mbali yawo, poti ndi iwo amasankha wolankhulira gulu.

Amayi nawo amati kukanako kuli ndi chifukwa. Mlendo watsika m'galimoto ya opereka thandizo, Chiyao sadziwa, moni sanapereke, funso lake loyamba ndi lakuti kodi sakukukakamizani kuvala zimenezi. Ndani angamasuke? Amati za mtengo wa nsomba, za ngongole, za mankhwala osowa kuchipatala, palibe amawafunsa, ngati kuti mpango unaphimba ndi nzeru zomwe.

Mlandu waukulu uli kwa ife olemba nkhani. Mtolankhani amene amatha kudikira nduna tsiku lonse pakhomo la ofesi sangalephere kukhala pamphasa theka la ola kuti mayi azolowere nkhope yake. Ndipo aphunzitsi, anamwino ndi maloya ovala hijabu ali m'tauni momwemo, pafupi ndi nyumba zoulutsira mawu. Ukwati wa ana ndi kusiyira sukulu panjira ndi mavuto enieni m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo ayenera kulembedwa. Koma alinso m'maboma ena, kumene sitiwamangirira pa chipembedzo cha munthu.

Pa mawailesi a m'madera zinthu n'zosiyanako. Madzulo, pulogalamu yoimba foni ikayamba m'Chiyao, amayi amalimbirana nambala, ena kutsutsa muulutsi, ena kudzudzula khansala. Pa pulogalamu ina nkhani inali ya mtengo wa feteleza, ndipo ambiri mwa oimba foni anali amayi.