Boti ya amalume inandionetsa kumene mayuniti anali kupita

Kwa miyezi iwiri m'nyumba mwanga ku Kafue Estates munalibe mtendere. Mayuniti a ZESCO amene kale anali kutifikitsa kumapeto a mwezi anayamba kutha pa 20. Ine ndimadzuka 04:30 kuti ndigwire basi ya ku Lusaka, ndipo ndimabwera kwada, conco amene ndinamuloza cala ni mlamu wanga wamng'ono, mtsikana wa giredi 11 amene timakhala naye. "Iwe usamba monga uli mu hotelo," ndinamuuza. Sanayankhe. Anangoyamba kusamba madzi ozizira, mu Julayi.

Ciwelu cina amalume anandiitana kumtsinje kuti ndikawagwirireko toci. Iwo amakonza maboti amene anthu amakwera pa Kafue kukaceza, ndipo iyi inali na kabafa na tanki ya madzi otentha, yotenthetsedwa na injini. Mwini wake anali kudandaula kuti madzi akutha msanga.

Ine ndinafuna kuyamba kumasula mapaipi. "Ikani sipanala pansi, mphwanga, mvelani cabe," anatero amalume. Tinakhala cete. Matepu onse otseka, koma pampu inalira drrr, n'kuleka. Patapita mphindi zisanu, drrr futi. Pampu ya m'boti imayaka yokha mphamvu ya madzi ikatsika m'mapaipi. Ngati palibe watsegula tepu koma ikulira, ndiye kuti madzi akuthawira kwina.

Anatseka valavu yolowetsa madzi m'tanki yotentha. Pampu inakhala zii. Basi, mbali ya madzi ozizira ilibe mlandu, ndipo nchito yacepa na hafu. Anatsegulanso, n'kukulunga tishu pa joini iliyonse ya paipi yotentha. Poyamba sitinapeze kanthu. Anayatsa injini, madzi atenthe. Apo m'pamene tishu imodzi kuseli kwa tanki inanyowa: kajoini ka pulasitiki kanali na mng'alu wocepa ngati tsitsi, umene umatseguka cinthu cikatentha. Anaika katsopano, namanga na kilipu, pampu n'kugona.

Pobwerera ndinali kuganiza za giza yanga. Nyumba zathu m'ma Estates si za dzulo. Zinamangidwira anchito a mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia na Kafue Textiles ca m'ma 1970, ndipo zambiri zinagulitsidwa kwa okhalamo. Kale cikaonongeka unali kuitana a kampani. Manje paipi ni yako, na bilu ni yako.

Kunyumba kulibe pampu yolira, koma mita ya madzi imacita nchito yomweyo. Ndinatseka matepu onse, ndinauza ana kuti asagwire toileti, n'kukagwada pa mita. Inali kuyenda pang'onopang'ono. Nditatseka valavu ya giza, inaima. Mwamanyazi ndinazungulira kuseli kwa nyumba, kumene sindipitako, ndipo ndinapeza udzu wobiriwira bwino pansi pa kapaipi kotuluka m'khoma, pomwe yadi yonse ili fumbi. Ndinaika dzanja. Madzi ofunda.

Apa mumvetse bwino, cifukwa ambiri amalakwitsa. Kapaipi aka si kolakwika. Madzi akatentha amafufuma: malita 100 kucoka pa madigiri 20 kufika 60 amaonjezeka pafupifupi lita imodzi na hafu, ndipo valavu ya pa giza imatulutsako kuti tanki isaphulike. Kudontha pang'ono giza ikamatenthetsa n'kwabwino. Yanga inali kudontha usana na usiku, olo malaiti atapita. Ndinachera botolo la 500ml, linadzaza pa mphindi 20. Awo ni malita 36 pa tsiku, ndipo kutenthetsa madzi amenewo kumadya mayuniti pafupifupi 50 pa mwezi. Ndinali kulipira kawiri, madzi na malaiti, kuthirira udzu.

Neba wina anati, "Ingotseka na cinyezi, zasila." Osayesa. Kutseka kapaipi ako n'kusandutsa giza bomba pamwamba pa ana anu. Amalume anabwera pa Sondo, tinazima giza pa bodi ya malaiti, tinadikira izizire, tinatseka madzi, ndipo anacotsa valavu yakale. Mkati munali mwala woyera wa laimu, mphira yatha. Yatsopano ndinali nditagula m'tauni, nditawerenga nambala ya mphamvu pa yakale kuti zifanane. Tepi yoyera pa mazinga, kumanga, kudzaza tanki mpaka tepu italeka kutsokomola mpweya, kenako kuyatsa. Mukayatsa ilibe madzi, elementi imapsa.

Cotsala cinali covuta kuposa valavu. Madzulo ndinamupeza mlamu akutsuka mbale, ndinati, "Mlamu, n'nalakwa, sunali iwe." Anapukuta manja, osandiyang'ana, nati, "Ninaziba, ba mulamu. Uja udzu ninauona kudala, koma munali okalipa."