Mchere wa Zinki: Mankhwala kwa Mwana, Poizoni kwa Wosasamala

Anthu ambiri adziwa zinki ngati chitsulo chokutira malata ndi ndowa kuti zisachite dzimbiri. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti chitsulo chomwechi, chikasungunuka mu asidi wa salufa, chisanduka mchere woyera wotchedwa zinc sulphate. Mcherewu ulibe fungo, usungunuka msanga m'madzi, ndipo pouona munthu angayese shuga kapena mchere wa m'ndiwo. Apa ndi pamene pagona ngozi.

Ubwino wake ngwodziwika. M'chaka cha 2004 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotsegula m'mimba azilandira mamiligalamu 20 a zinki pa tsiku kwa masiku 10 kufikira 14, pamodzi ndi madzi a Thanzi. Analangizanso kuti khanda losakwana miyezi 6 lizilandira theka lake. Alimi nawonso authira m'munda, pakuti chimanga chosowa zinki chipinimbira ndi kuonetsa mizere yoyererako m'masamba.

Tsono muyeso ukapitirira, mankhwala asanduka poizoni. Womeza mchere wambiri amva nseru, asanza, ndipo m'mimba mupotokola. Fumbi lake likalowa m'diso lingathe kuliononga. Womwa zinki wochuluka kwa miyezi yambiri alepheretsa thupi lake kulandira kopa wa m'zakudya, kotero kuti magazi achepa. Ukatayidwa mumtsinje, mcherewu upha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi.

Ngozi ina ibisala kukhitchini. Chakumwa chowawasa, monga thobwa logonetsa kapena madzi a mandimu, chikakhalitsa m'ndowa ya malata chidya zinki wa pandowapo, ndipo akumwa angayambe kusanza. Mtsuko wa dothi ulibe vuto lotere.

Chifukwa chake aphunzitsi a sayansi ayenera kusunga mcherewu m'botolo lotseka bwino, lolembedwa dzina, m'kabati yokhoma. Asautsanulire konse m'botolo la zakumwa. Ukagwera mwana m'diso, mutsukeni ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Akaumeza, musamkakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala, botololo lili m'manja. Alangizi a zaulimi akumbutse alimi kuti mchere wa m'munda suyenera kulowa m'malo mwa mapiritsi a kuchipatala, ndi kuti matumba ake asachapidwe mumtsinje.

Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Chizindikiro pa botolo ndi loko pa kabati nzotsika mtengo poyerekeza ndi diso la mwana.