Kampira kotoledwa m'tiyi

Gofu ndinaiyamba ndili mnyamata, ndikunyamulira mabwana zikwama za ndodo pa bwalo la maenje 9 la ku Aberfoyle, m'chigwa cha Honde, bambo anga ochokera ku Mulanje akuthyola tiyi chapafupi pomwepo. Lero ndimaweruza mipikisano, ndipo anthu amaganiza kuti ntchito yanga ndi kuwerenga kuti wamenya kangati. Zambiri zimene ndimafunsidwa ndi za mpira weniweniwo.

Tsiku lina mkulu wina wopuma ntchito pa esiteti anandipatsa kampira kachikasu, kothimbirira ndi zaka, kamene anakatola pansi pa tchire la tiyi. "Mwanawe, kameneka kamabooleza mphepo kuposa yogula ija," anatero. Ndinatulutsa mphete yachitsulo imene timayezera mipira. Kanangopyola osakhudza m'mbali.

"Bambo, simukunama," ndinayankha. "N'chifukwa chake kanaletsedwa."

Malamulo a gofu amaikidwa ndi mabungwe awiri, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America. Iwo amati mpira usalemere kupitirira magalamu 45.93, ndipo usachepere mamilimita 42.67 m'mimba mwake. Taonani mmene lamuloli lakhalira: silikuletsani mpira wopepuka kapena waukulu, chifukwa umenewo ungokupwetekani nokha. Chimene likuopa ndi mpira waung'ono koma wolemera, umene mphepo imalephera kuugwira. Kale maiko otsata malamulo a ku Britain, kuphatikizapo kuno, ankasewera ndi mpira wa mamilimita 41.15. Unachotsedwa mu mpikisano wa The Open mu 1974, chaka chimene anapambana Gary Player wa ku South Africa, ndipo mu 1990 unaletsedwa paliponse. Kampira ka mkuluyu kanali ka mbadwo umenewo.

Timaenje ta pakhungu pa mpira si maluwa okongoletsa. Ndi timene timauthandiza kuyandama mumpweya. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera mpira wotchedwa Polara, wa timaenje tosafanana kuya, umene unkadziwongola wokha munthu akaumenya mokhota. Mabungwe aja anauletsa, nalamula kuti mpira uziuluka chimodzimodzi ngakhale mwauika motani. Ine ndimagwirizana nawo. Kuwongola mpira ndi ntchito ya manja a wosewera, osati ya fakitale.

Mabungwewa amayezanso liwiro ndi mtunda: makina akaumenya mpira, usapitirire mayadi 317, kuonjezapo atatu okhululuka. Mu Disembala 2023 analengeza kuti makinawo azimenya mwamphamvu kuposa kale, kutanthauza kuti mipira iyenera kufupikitsidwa ulendo. Ife amene sitifika n'komwe mayadi 250 tisataye nazo tulo.

Nanga mipira yotola, imene anyamata amagulitsa m'majumbo? Yambiri ilibe vuto. Koma mipikisano ikuluikulu imafuna kuti mpira wanu upezeke pa mndandanda wa mipira yovomerezeka, umene umakonzedwanso mwezi uliwonse, ndipo pamenepo yopentedwanso kapena yodindidwa ma X pa dzina siilowa. Mipikisano ina imalamulanso kuti mtundu umene mwayamba nawo mumalize nawo. Kusewera ndi mpira wosaloledwa chilango chake n'kuchotsedwa mu mpikisano, ngakhale munali patsogolo.

Pamene timakangana kwambiri ndi apa: mpira wong'ambika kapena wa mng'alu mutha kuusintha dzenje lisanathe, koma wongokalika pamwala mupirire nawo. Kuutenthetsa dala kapena kuukhula kuti uuluke mwina n'koletsedwa.

Mkulu uja anamvetsera zonsezi akukapukuta kampirako pa thalauza. Kenako anafunsa ngati pali amene angamuletse kukamenya yekha Loweruka madzulo, mitambo ikutsika m'mapiri. Ndinati palibe. Anakaponya m'thumba la malaya, napempha kuti ndimubwereke ndodo.