IUI ndi IVF: Kuyerekeza Mtengo wa Njira Ziwiri Zofunira Mwana

Banja likatha zaka zitatu kapena zinayi m'nyumba musanamveke kulira kwa khanda, ndalama zimayamba kutuluka mwakachetechete. Mbuzi imapita kwa sing'anga, malipiro a mwezi amathera m'mabotolo a zitsamba, ndipo pokafika kwa dokotala wa za uchembere, thumba limakhala litapepuka kale. Vutoli n'lofala kuposa mmene timavomerezera. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake.

Kuchipatala banja lotere limamva mayina awiri, IUI ndi IVF. Njira yoyamba ndi yotsika mtengo, yachiwiri ndi yodula kwambiri. Munthu wosunga ndalama movutikira amathamangira yotchipayo, pomwe wina amene watopa ndi kudikira amafuna yodulayo poganiza kuti ndiyo yotsimikizika. Onse awiri angathe kutaya ndalama, chifukwa chimene chimaonetsa njira yoyenera ndi chomwe chatsekereza mimbayo m'thupi.

IUI ndi yosavuta kuimvetsa. Bambo amapereka umuna, akatswiri a mu labotale amautsuka n'kusankha mbewu zamphamvu, kenako dokotala amazilowetsa m'chiberekero cha mayi ndi kachubu kakang'ono pa tsiku limene dzira likutuluka. Ntchitoyi imatha m'mphindi zochepa, mayi sagonekedwa tulo, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Nthawi zambiri amayamba wamwa mapiritsi monga clomiphene kapena letrozole kuti dzira likhwime bwino. Zotsalazo zimachitika m'thupi monga mwa chilengedwe: mbewu iyenera kusambira kukakumana ndi dzira m'chubu chochokera ku thumba la mazira, ndipo kamluza kayenera kutsika kokha kulowa m'chiberekero.

IVF imachotsa ulendo wonsewo m'thupi n'kuupititsa mu labotale. Kwa masiku 10 mpaka 12 mayi amabayidwa jakisoni tsiku lililonse kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, ndipo amaunikidwa pafupipafupi. Akabayidwa jakisoni womaliza, pamapita maola pafupifupi 36, kenako dokotala amatulutsa mazirawo ndi singano mayi atapatsidwa mankhwala oletsa ululu. Mazira amakumana ndi mbewu ya bambo m'kambale, miluza imasungidwa m'makina ofunda kwa masiku awiri mpaka asanu, ndipo umodzi umabwezeredwa m'chiberekero. Mwana woyamba wobadwa mwa njirayi ndi Louise Brown, amene anabadwa pa 25 Julaye 1978 ku Oldham m'dziko la England, chifukwa cha ntchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Mayi ake anali ndi machubu otsekeka, ndipo mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndiyo mtima wa nkhani yonseyi.

Kusiyana kwa mitengo kumachokera pa zimene tafotokozazi. Ku Britain, kumene mitengo imalengezedwa poyera, bungwe la zipatala za boma la NHS linkauza anthu kuti kuyesa IUI kamodzi kuchipatala cholipira kumadya mapaundi 700 mpaka 1,600, pomwe IVF imatha kufika mapaundi 5,000 kapena kuposa apo. Ku America kuyesa IVF kamodzi kumapitirira madola 12,000, ndipo mankhwala amawonjezera masauzande ena pamwamba. Ndalama za IVF zimapita ku majakisoni a mahomoni, chipinda cha opaleshoni, makina osungira miluza amene sayenera kuzima ngakhale ola limodzi, ndi malipiro a akatswiri amene amayang'anira miluzayo. Ngati mbewu ya bambo ndi yochepa kwambiri, pamafunika ICSI, njira yolowetsa mbewu imodzi m'dzira ndi kasingano imene inayambira ku Brussels mu 1992, ndipo nayo ili ndi mtengo wakewake. Kusunga miluza yotsala mufiriji yapadera kumalipiridwanso chaka ndi chaka.

Koma banja silifuna kuyesa chabe, limafuna mwana, choncho mtengo uyenera kuikidwa pambali pa mwayi. Ziwerengero za ku Britain za mu 2019 zinaonetsa kuti mwa amayi osakwana zaka 35, IVF inabereka mwana maulendo 32 pa 100 alionse. Kwa a zaka 35 mpaka 37 anali maulendo 25, kwa a zaka 38 ndi 39 anali 19, kwa a zaka 40 mpaka 42 anali 11, ndipo kupitirira apo anatsika kufika pa 5 kapena 4. Ndiye kuti ngakhale mayi wachitsikana, pa kuyesa katatu kulikonse, kawiri amabwerera chimanjamanja. IUI imapereka mwayi wocheperapo, nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 15 pa 100 pa kuyesa kumodzi, n'chifukwa chake madokotala amaibwereza katatu kapena kanayi asanaisiye. Mukaphatikiza maulendo atatu a IUI, ndalama zake zimayamba kuyandikira za IVF imodzi, ndipo miyezi imakhala yapita.

Izi sizikutanthauza kuti IUI ndi yachabe. Kafukufuku wa ku New Zealand wotsogoleredwa ndi Cindy Farquhar, amene anatuluka mu 2018, anatenga mabanja amene madokotala sanapeze chifukwa cha kusabereka kwawo. Mwa amayi amene anachita IUI mpaka katatu, 31 pa 100 anabereka, pomwe mwa amene anangopitiriza kudikira anabereka 9 okha pa 100. Kafukufuku wina wa ku Netherlands wa mu 2015 anapeza kuti kwa mabanja a mtundu womwewu, IUI yobwerezabwereza inabereka ana pafupifupi ofanana ndi IVF, pa ndalama zochepa. Komabe akatswiri sagwirizana onse. Malangizo a mu 2013 a bungwe lolangiza zipatala la NICE ku England analetsa kupereka IUI mwachizolowezi kwa mabanja otere, ndipo anati apite ku IVF akatha zaka ziwiri akuyesa. Chimene onse amavomereza n'chakuti IUI imafuna zinthu zitatu: chubu chimodzi kapena onse awiri akhale otseguka, mbewu ya bambo ikhale yokwanira, ndipo mayi asakhale wamkulu kwambiri.

Pa nkhani ya machubu m'pamene ife a kuno kwathu tiyenera kutchera khutu. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, chimodzi mwa zifukwa zazikulu zolepheretsa amayi kutenga pakati ndi kutsekeka kwa machubu. Amatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana amene sanachiritsidwe msanga, monga chinzonono ndi chlamydia, chifukwa cha matenda olowa pobereka kapena pochotsa mimba mobisa, komanso chifukwa cha likodzo, limene ndi lofala m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndipo limawononganso ziwalo zoberekera. N'chifukwa chake timaona amayi ambiri amene anabereka mwana mmodzi kenako osatenganso pakati. Kwa mayi amene machubu ake onse atsekeka, IUI ilibe ntchito ngakhale ataichita kakhumi, chifukwa mbewu ilibe podutsa. Kwa iyeyu njira yodulayo ndiyo yosunga ndalama. N'chimodzimodzinso bambo amene mbewu zake n'zochepa kwambiri, komanso mayi amene akuyandikira zaka 40, amene chaka chilichonse chodikira chimamulanda mwayi umene ndalama sizingabweze.

Thupi nalo limalipira mosiyana. IUI ndi yopepuka, koma mankhwala akakhwimitsa mazira angapo pamakhala chiopsezo cha mapasa kapena ana atatu, ndipo mimba yotere imabweretsa ana obadwa masiku asanakwane ndi ndalama zambiri za kuchipatala. IVF ndi yolemetsa: majakisoni, kutupa kwa mimba, ndipo nthawi zina matumba a mazira amatupa moopsa mpaka mayi kugonekedwa m'chipatala. Ubwino wake ndi wakuti dokotala angathe kubwezera mluza umodzi wokha, ndipo yotsalayo ikasungidwa, kuyesa kwachiwiri kumatsika mtengo chifukwa sipafunikanso kutulutsa mazira.

Palinso ndalama zimene sizilembedwa pa pepala la chipatala. Mabanja ambiri a m'chigawo chathu amapita ku South Africa, dziko limene linalandira mwana wake woyamba wa IVF mu 1984 ku chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Woyenda ulendowu amalipira basi kapena ndege, malo ogona kwa milungu iwiri kapena itatu, chakudya, ndipo zonsezi ndi ndalama zakunja. Wochokera kutali amaonanso kuti kubwerera katatu kukachita IUI kumawononga zambiri pa maulendo okha, kotero kuti kusiyana kwa mitengo kumachepa. Ngakhale kwa eni dziko katunduyu ndi wolemera. Kafukufuku wa ku chipatala cha boma cha Groote Schuur, kumene odwala amalipira gawo chabe, anapeza mu 2013 kuti banja limodzi mwa asanu alionse linawononga ndalama zopitirira mphamvu zake, ndipo ambiri anachita kukongola ndalama.

Akatswiri ena akuyesetsa kutsitsa mtengo wa IVF. Mu 2013 gulu la ku Genk m'dziko la Belgium, mmene munali Willem Ombelet ndi Jonathan Van Blerkom, linaonetsa kuti miluza ingakulire m'timabotolo tolandira mpweya wochokera ku soda wosakaniza ndi asidi wopezeka m'mandimu, m'malo mwa makina odula, ndipo ana athanzi anabadwa. Njirayi ikupatsa chiyembekezo, ngakhale kuti mankhwala ndi akatswiri zimafunikabe ndalama.

Tikaziika zonse pa sikelo, IUI ndi yoyenera kuyambira kwa banja lachinyamata limene machubu ndi otseguka, mbewu ili bwino, ndipo chipatala chili pafupi. IVF ndi yoyenera pamene machubu atsekeka, pamene mbewu ndi yochepa, pamene zaka zapita, kapena pamene IUI yalephera katatu kapena kanayi. Palibe mwa ziwirizi imene imalonjeza mwana, ndipo chipatala chimene chikulonjeza motsimikiza muchiope.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanagulitse munda kapena kutenga ngongole, pitani nonse awiri mukayezedwe. Bambo ayezetse umuna, pakuti pa mabanja osabereka pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo kuyezaku n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse chimene tatchula. Mayi aunikidwe machubu ndi kuona ngati mazira akutuluka. Funsani dokotala akulembereni mtengo wonse, pamodzi ndi mankhwala, ICSI ndi kusunga miluza, ndipo akuuzeni kuti mwa amayi a msinkhu wanu ndi angati amene anabereka mwana wamoyo. Gwirizanani muli kunyumba kuti mudzayesa kangati ndi pamene mudzalekere. Ndipo inu achibale, musaloze chala mkamwini kapena mtengwa. Athandizeni kufika kuchipatala zaka zisanapite.