Mwana asanakwere minibasi ya ku Lilongwe kukayamba ntchito



Mayeso a Fomu 4 akangotha, kapena zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka mwana osasankhidwa, mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amayamba kuimba mafoni ku Lilongwe. Kuli amalume ku Kawale, azakhali ku Area 25, mwana wa achimwene amene ali ndi shopu ku Chinsapo. Pempho limakhala limodzimodzi: mumupezereko kantchito mwanayu, asamangokhala. Pempholi ndi labwino ndithu. Vuto ndi lakuti timathamangira kufunsa kuti azilandira zingati, pamene choyamba kufunsa n'chakuti azikhala m'manja mwa ndani, nanga pakatha chaka adzakhala atadziwa chiyani.

Tiyambe ndi malamulo a dziko, chifukwa makolo ambiri sawadziwa. Lamulo la zantchito la mchaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana amene sanakwanitse zaka 14. Kuyambira zaka 14 mpaka 18 mwana angathe kugwira ntchito, koma osati imene ingawononge thanzi lake, chitetezo chake, maphunziro ake kapena makhalidwe ake. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho mnyamata wa zaka 16, ngakhale atakhala ndi chiphaso cha unzika m'thumba, akadali mwana. Ndipo amene akadali pa sukulu, ntchito yake ikhale ya pa holide kapena Loweruka basi. Ife aphunzitsi timawazindikira msanga ana amene ayamba kugwira ndalama za tsiku ndi tsiku: amayamba kujomba Lolemba, kenako teremu yachiwiri mpando wawo umangokhala wopanda munthu.

Taganizirani anyamata awiri amene atsikira pa depoti tsiku limodzi. Wina wapeza malo oitanira minibasi kapena wapatsidwa njinga ya kabaza. Madzulo aliwonse ali ndi ndalama m'manja, ndipo sabata yoyamba yomweyo atumiza kangachepe kumudzi pa Mpamba. Winayo wapita kwa makaniko ku Biwi, kumene kuli magalaja ndi mashopu a masipeya. Miyezi yoyamba ntchito yake ndi kutsuka zitsulo, kupereka sipanala ndi kugona pansi pa galimoto, ndipo chimene amapeza ndi nsima ya masana ndi ya sopo. Kumudzi aliyense amayamikira woyambayo. Koma pakatha zaka zitatu, woitanira uja akuitanirabe, ndipo pafika anyamata ena a mawu amphamvu kuposa iye. Wa ku Biwi uja akumasula injini payekha, ali ndi makasitomala omuimbira foni, ndipo luso lakelo angathe kubwerera nalo ku Monkey Bay kukakonza mainjini a maboti.

N'chimodzimodzinso ukalipentala wa ku Mchesi, kuwotcherera, utelala, kukonza mafoni ndi kuyala mawaya a magetsi. Luso lotere lili ndi potulukira, chifukwa amene waphunzira pamanja angathe kudzalemba mayeso a Trade Test n'kukhala ndi pepala. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu mzindamu muli sukulu monga Lilongwe Technical College ndi Don Bosco ku Area 23. Mwana amene wakhalako chaka pa galaja amalowa sukulu zoterezi akudziwa kale chimene akufuna.

Tisanyozenso chimene mwana wa kunyanja amachidziwa kale. Amatha kusiyanitsa usipa wouma bwino ndi wachinyezi, amadziwa nyengo ya utaka, amadziwanso mtengo wa pa doko. Kuthandiza wachibale amene amagulitsa nsomba ku msika wa Nsungwi kapena wa Kawale ndi sukulu ya malonda, bola wachibaleyo azimuonetsa mmene amawerengera mpamba, thiransipoti ndi phindu, osati kumangomusiya pa benchi.

Pali ntchito zina zimene sindingalangize kholo kuti livomere. Ku Mgona, pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, kumapezeka maganyu onyamula matumba ndi mabelo. Thumba la makilogalamu 50 si la msana wa mwana wa zaka 15, ndipo fumbi la fodya si la mapapo ake. Kugulitsa mu bala, pa malo a kachasu kapena m'mashopu a juga amene adzadza m'makwalalamu, kwa ife Asilamu ndi haraam, ngakhale mwanayo atamati iye samwa ndipo sabetcha. Ndalama yake njosayera, ndipo amene amakhala tsiku lonse akuona ena akubetcha sachedwa kuyesako. Ntchito ya ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba imaoneka yaukhondo, koma funsani kaye kuti ndalama ikasowa kapena akuba akamupusitsa pa foni, alipira ndani. Ana ena amagwira miyezi yathunthu akungobweza shoteji.

Za atsikana ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene timataya ana mwakachetechete. Ntchito ya m'nyumba imabwera ndi mawu okoma: tizimusunga ngati mwana wathu, tizimulipirira sukulu. Pali mabanja amene amachitadi zimenezi, Allah awalipire zabwino. Koma ntchitoyi imagwiridwira kuseri kwa mpanda kumene palibe akuona. Mtsikana amadzuka mbandakucha, amagona pomalizira, malipiro amati akumusungira, ndipo akachitiridwa zoipa sadziwa ngakhale njira yopita ku depoti. Kholo lisapereke mwana kwa munthu amene langomumvera kwa mnzake. Pitani mukaone pamene azigona, mudziwe amuna amene amakhala m'nyumbamo, ndipo mwanayo akhale ndi njira yoyankhulira nanu popanda kupempha foni ya abwana. Akhalenso ndi nambala 116 pamtima, ya ulere, yothandiza ana amene ali pa mavuto. Wina akayamba kukamba zomupezera pasipoti, kumbukirani amayi a dziko lino amene adapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali mu ukapolo. Kwa mtsikana wa msinkhu uwu, makina osokera kwa telala wamkazi wodziwika bwino amaposa ntchito ya m'nyumba ya malipiro okwera.

Mtumiki Muhammad (s.a.w) adayamba ndi kuweta ziweto za anthu a ku Makkah pa malipiro ochepa, ndipo malonda adawaonera kwa Abu Twalib, m'bale wa bambo ake amene adamulera. Pamene Mayi Khadija (r.a) ankamupatsa katundu wawo kuti akagulitse ku Shaam, chimene adaona mwa iye chidali kukhulupirika. Inu amalume ndi azakhali amene mukulandira anawa, kumbukiraninso Anas bin Malik (r.a), amene adatumikira Mtumiki zaka 10 kuyambira ali mwana, ndipo adachitira umboni kuti sadakalipiridwepo. Mwana wa mlongo wanu si wantchito waulere.

Pomaliza pake pakhale mgwirizano womveka, pamaso pa mboni, ndipo ulembedwe ngakhale pa pepala la m'kope. Mulembe nthawi yoyambira ndi yowerukira, tsiku lopuma, ndalama ndi tsiku lolandira, ndiponso chimene aphunzitsidwe pakutha pa miyezi 6. Nkhani ya Swala ikambidwe tsiku lomwelo, makamaka Jumu'ah ndi mmene azigwirira m'mwezi wa Ramadhan. Mabwana ambiri, ngakhale amene si Asilamu, amavomera akauzidwa poyamba. Mkangano umabuka mwana akamangosowa Lachisanu masana osatsanzika. Mumuonetse mzikiti wapafupi, mumudziwitse kwa imamu wa pamenepo, ndipo musaiwale kumugulira juzi, chifukwa kuzizira kwa Juni ku Lilongwe mwana wa ku Makanjira sakudziwa.